Achimwene, vuto si kusaphunzira kokha

Chilomoni, Blantyre

Achimwene,

Landirani moni wa kuno kwathu. Ndikhulupirira inu, alamu ndi ana mukudzuka bwino kumeneko ku Joni. Kuno tilipo ndithu, ana akupita kusukulu, ifenso tikukankha masiku.

Mawu aja munajambula n'kunditumizira pa WhatsApp ndinawamvera mpaka kumapeto, ndipo ndinaona kuti nkhani yake si yoyankha ndi chala chimodzi ndili m'minibasi. Kanema wa gogo uja, amene anthu akumukankha pamaliro akumukuwiza kuti ndi mfiti, nanenso ndinamuonera, ndipo nsima sinalowe tsiku limenelo. Mkwiyo wanu ndi wanga womwe. Pamene tasiyana ndi pa mawu anu omaliza, oti Amalawi ndife mbuli, vuto lathu ndi kusaphunzira, tikangodzaza dziko ndi masukulu zonsezi zidzatha zokha. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Ntchito yanga ndi ya choko, bwenzi ndikugona tulo podziwa kuti mankhwala ake ali m'manja mwathu aphunzitsi. Koma zimene ndikuona kuno zikundiuza zina.

Mukukumbukira mlandu wa mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018. Pamene khoti lalikulu linkagamula mu 2022, anthu 12 anapezeka olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfa yake ndi malonda a ziwalo zake. Pakati pawo panali wansembe wa Katolika, wapolisi, komanso munthu wa ntchito ya chipatala. Taganizani zaka zimene munthu amatha ku seminale asanavale mkanjo. Wachipatalayo anaphunzira thupi la munthu, akudziwa bwino kuti fupa la mnzathu wachialubino ndi fupa ngati langa ndi lanu. Kaya ankakhulupirira kuti m'mafupamo muli chuma, kaya ankangokhulupirira kuti alipo wodzagula, zonsezi zinakhazikika m'mitu ya anthu odutsa m'kalasi.

Dziko mukukhalalo nalonso lili ndi bala lake. Thabo Mbeki ndi munthu wowerenga kwambiri, wa digiri ya zachuma ya ku Sussex, koma ali pulezidenti anakayikira zoti HIV ndi imene imayambitsa Edzi. Nduna yake ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inali dokotala, koma inkatamanda adyo, mandimu ndi beetroot pamene anthu ankalirira ma ARV. Akatswiri a ku Harvard atawerengera mu 2008 anapeza kuti kuchedwa kwa mankhwalako kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Ngakhale Isaac Newton, uja tinkaloweza malamulo ake mu fiziki, anataya chuma chambiri mu 1720 pogula masheya a South Sea Company amene mtengo wake unkangokwera ndi mphekesera. Nthawi imeneyo n'kuti iye ali mkulu woyang'anira ntchito yosula ndalama za dziko la Britain.

Koma za kutali tizisiye, ndikuuzeni za mnzathu uja tinkakhala naye desiki imodzi ku sekondale, amene ankatiphunzitsa masamu pa koloboyi mayeso a MSCE atayandikira. Dzina sinditchula, mwamudziwa kale. Pano amawerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe. Loweruka lina anafika kwathu atanyamula kope lachikuto cholimba. Titakhala pakhonde analitsegula pa ntchafu pake. Mizere anali atajambula ndi lula, manambala aukhondo ngati kale lija, phindu analemba ndi cholembera chofiira. Anali atalowa gulu lina la pa WhatsApp lomwe ukaika K200,000, pakutha pa mwezi umalandira K260,000, ndipo ukabweretsa mnzako amakuwonjezera kena. Anandionetsa mauthenga a pafoni osonyeza kuti ndalama zalowadi miyezi yoyambirira. Kopelo linali litawerengera kale mpaka chaka chamawa: mwezi wakuti fizi ya mwana wa ku yunivesite, mwezi wakuti malata, mwezi wakuti puloti ku Chileka.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha: phindu limenelo likuchokera kuti? Achimwene, anandifotokozera mpaka tiyi anazizira m'makapu. Anakamba za malonda osinthanitsa ndalama zakunja, za makompyuta amene akuti amagula n'kugulitsa okha usiku ndi usana, za chiongoladzanja chimene chimabereka chinzake. Ndikati nanga bwanji mabanki sakuchita zomwezo, yankho linalipo kale: mabanki sakufuna kuti ife osauka tidziwe. Ndikati kodi anthuwo ali ndi chilolezo cha Reserve Bank, anati iwo ndi akunja, malamulo athu ndi otsalira. Funso lililonse linkapeza yankho lokonzakonza, ndipo mayankhowo sankachita kuloweza, ankawapanga yekha pomwepo ndi mutu wake wabwino uja. Mayi ake enieni, amene sanafike ngakhale Sitandade 5, atawauza kuti agulitse mbuzi alowe nawo, anangoti, "Mwana wanga, ndalama yobereka yokha sindinaionepo." Anakana.

Zotsatira zake mwaziganiza kale. Anatenga ngongole kuntchito, anawonjezera ya katapila, anatenganso za mkazi wake za ku banki m'khonde. Tsiku lina m'mawa anapeza kuti pagulu paja palibenso wololedwa kulemba, kenako manambala a akuluakulu a gululo anasiya kupezeka. Lero malipiro ake amathera m'manja mwa eni ngongole asanafike n'kunyumba komwe, ndipo masiku ena amayenda wapansi kuchokera ku Limbe mpaka ku Bangwe.

Ndakhala ndikuganizira za munthu ameneyu kwambiri. Masamu a zinthu zoterezi iye amawadziwa kuposa ine. Akudziwa kuti oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, kuti pamafunika anthu atsopano ochuluka mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limene olowa achepa zonse zimagwa. Za MMM, imene inayambira ku Russia n'kudzaliritsa anthu ku South Africa ndi ku Nigeria cha m'ma 2016, anazimva. Chikhala kuti ndinamupatsa nkhani yomweyo ngati funso la mayeso, akanalikhoza mosavuta. Ndiye chinachitika n'chiyani? Ine ndikuona kuti mtima unayamba wasankha, nzeru zinabwera pambuyo kudzaikira kumbuyo. Nzeru za munthu zimagwira ntchito ngati loya: amene wamulemba ntchito ndi amene amamuyankhulira, ndipo loya akakhala katswiri mlandu woipa umaoneka wabwino. Mwa mnzathuyu wolemba ntchito anali mantha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Malipiro amene ankafika pa 25 anayamba kutha pa 10. Bambo wa ana anayi akagona usiku akuwerengera fizi, lendi ndi thumba la chimanga, ndiye wina n'kumuuza kuti khomo lilipo, safuna kumva kuti khomolo ndi lojambula pakhoma. Anyamata athu amene akuthera ndalama pa kandege m'mafonimu nawonso si kuti sadziwa kuti mwini masewera ndiye amapindula. Ambiri ndi a ma satifiketi, akusowa kolowera.

Pali chinanso chimene chimagwira anthu ophunzira kuposa ena: manyazi. Mnzathuyu anali atalowetsa apongozi ake, anzake a kutchalitchi ndi a kuntchito. Pamene zizindikiro zinayamba kuoneka, ndalama zikuchedwa, zifukwa zikuchuluka, kubwerera kunkatanthauza kuima pamaso pa anthu onsewo n'kunena kuti ine wa masamu ndapusitsidwa, ndakupusitsaninso inu. Anasankha kuwonjezera ndalama zina.

Inu munali mutachoka kale pamene anamapopa anativuta mu 2017. Mphekesera zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe cha mu September, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Pofika mu October zinali zitalowa mu Blantyre muno. Anthu osachepera 9 anaphedwa m'chigawo chino, ndipo ku Chileka anatentha mnyamata wodwala khunyu. Ndikuuzeni mmene zinalili m'dera lathu. Dzuwa likangolowa anyamata ankatseka msewu ndi miyala ndi zipika, galimoto iliyonse ankaiimitsa n'kusecha m'buti. Mabanja ankagona panja pamodzi, amayi ndi ana pakati, abambo m'mbali atagwira zikwanje ndi mipini. Usiku wina cha m'ma 1 koloko mayi wina anakuwa, mawisulo analira, ziwaya ndi zidebe zinagogodwa kuyambira kumtunda mpaka kumsika. Titafika tinamupeza atakhala pansi akunjenjemera thukuta lili kamukamu, akuti anaona kuwala padenga ndipo thupi lonse linafooka. Bala panalibe, denga linali lonse. Koma pagulu limene linathamangira kukasaka munthu m'makwalala munali aphunzitsi anzanga, munali wa ku banki, munali mkulu wa mpingo. Mmodzi wa iwo, munthu wophunzitsa sayansi, ndinamukokera pambali n'kumufunsa ngati akukhulupiriradi kuti magazi angatuluke m'thupi popanda singano. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, musayankhule choncho pano. Ana anga amagona m'dera lomwe lino."

Mawu amenewo sanachoke m'mutu mwanga. Munthu uja sankanama, ndipo sanali wopusa. Usiku umenewo wokayikira aliyense akanatha kutchedwa mnzawo wa anamapopa, nyumba yake n'kuyaka. Ndipo ukanena chinthu kawirikawiri pofuna kudziteteza, pakapita masiku umayamba kuchikhulupirira, chifukwa palibe amene amafuna kudziona ngati wamantha. Madokotala anayeza anthu amene ankati apopedwa, sanapeze umboni, koma mawu awo ankamveka pang'ono kuposa chidebe chogogodwa usiku. Izi si za Amalawi okha. Katswiri wina wa ku America, Solomon Asch, mu 1951 ankaonetsa ophunzira a pakoleji mizere yojambula kuti anene wofanana kutalika ndi unzake, funso loti mwana wa Sitandade 1 angakhoze. Koma anzawo a m'chipindamo, amene anali atapanganiratu, akapereka yankho lolakwika onse, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposa. Pamenepo n'kuti palibe wagwira chikwanje.

Ndiye pali mbali ina imene ife a m'tauni sitikonda kuivomera. Mphekesera sizimera pa thanthwe. Azigogo athu a ku Chilobwe amakumbukira zaka za 1968 mpaka 1970, pamene anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo muno mu Blantyre. Imfazo zinali zenizeni. Boma silinkafotokoza zomveka, kufunsa kunali koopsa, ndipo m'malo mwa mayankho munamera nkhani yoti magazi a anthuwo akupita ku South Africa kukabweza ngongole. Munthu mmodzi anagwidwa n'kuweruzidwa kuti anyongedwe, koma ambiri sanakhutire kuti ankachita yekha. Mwana amene anakula akumva zimenezi kwa agogo ake ndi amene mu 2017 anali bambo wogwira mpini pamsewu. Onjezanipo Cashgate ya 2013, pamene tinamva kuti mabiliyoni a boma ankatuluka popanda ntchito yogwirika, ndalama zina n'kupezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu. Munthu amene wanamizidwapo ndi akuluakulu pa zinthu zoona, ukamuuza kuti akhulupirire akuluakulu omwewo pa nkhani ya katemera, n'zovuta. Kukayikira kwake kuli ndi maziko, kungoti kumakagwera pa munthu wolakwika: namwino, woyeza malo, mlendo wonyamula chikwama.

N'chifukwa chake nthawi ya Covid zinandiwawa kwambiri. Mu January 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, zipatala zinadzaza, mpweya wa okosijeni unkasowa. Katemera atafika, mauthenga oti ndi 666, oti amatseketsa kubereka, oti obayitsa adzafa pakatha zaka ziwiri, sankachokera kumidzi kopanda netiweki. Ankayenda pa mafoni odula, m'magulu a aphunzitsi, a mipingo, a anthu ophunzira limodzi kale, ambiri ali m'Chingerezi chosalala. Mu May chaka chomwecho boma linatentha katemera 19,610 amene anadutsa masiku ake. N'zoona kuti anafika masiku ake atatsala ochepa, koma mphekesera nazo zinabweza anthu ambiri. Wophunzira ali ndi bandulo, amadziwa kusaka pa intaneti, ndipo intaneti imam'patsa chimene wapita kukafuna. Akafuna umboni woti katemera ndi woopsa aupeza, wina wake atavala gawuni yoyera akulankhula motsimikiza.

Anthu ovutika mtima sindiwaweruza. Mu 1995, Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga atanena kuti walota mankhwala a Edzi, anthu zikwizikwi anakhamukira kumeneko kukamwa mchape, mabwana a m'tauni ali pamzere umodzi ndi alimi. Nthawi imeneyo maliro anali tsiku ndi tsiku, ndipo ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. Kuchipatala ankakuuza kuti mankhwala kulibe, kwa Chisupe ankakupatsa kapu. Ndani akanakhala pakhomo? Amene mtima wanga umawawira ndi odyerapo: mneneri wouza wodwala kuti ataye mapiritsi abzale mbewu ya ndalama, sing'anga woloza gogo kuti ndiye wamanga mvula, wandale amene amadziwa choona koma amakhala chete poopa kutaya mavoti. Ndipo olipira ndi omwe aja opanda wowaikira kumbuyo. Ku Neno mu January 2016 anthu okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma pamaliro lamulolo silikhalapo, pamakhala chisoni chofuna wochisenza. Kunena kuti mwana wafa ndi malungo chifukwa tinachedwa naye kuchipatala, kapena kuti mphenzi imagwa paliponse, n'kolemera kwambiri kuposa kuloza nkhalamba ya maso ofiira ndi utsi wa kukhitchini.

Musandimve molakwa, sukulu ndi yofunika, ndipo ndidzaimenyera nkhondo mpaka kupuma ntchito. Koma sukulu imene tikupereka ndi yoloweza. Mwana akafunsa kuti "Mwadziwa bwanji, aphunzitsi?" timamuyesa wamwano. Kunyumba amamuuza kuti mkulu salakwa, kutchalitchi kuti usakhudze wodzozedwa. Ndiye tikudabwa chiyani akakula ndi digiri yake n'kumagwadira aliyense wolankhula mokweza? M'kalasi mwanga ndayamba kumawabweretsera ana mauthenga enieni oyenda pa WhatsApp, aja oti mwawina mphoto tumizani kaye ya mayendedwe, aja oti tumizani ndalama ija pa nambala iyi, n'kumawafunsa zinthu zitatu: wanena ndani, iye wadziwa bwanji, apindula chiyani ine ndikakhulupirira. Amakangana mpaka belu kulira. Ena amabwera mawa lake n'kundiuza kuti afunsa mafunso omwewo kunyumba ndipo akalipiridwa.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalata m'malo mokuimbirani. Lamlungu ndinapita ku Zingwangwa kukawaona mayi anu. Ali bwino, anandiphikira nsima ya chambo chouma, anafunsa za ana anga mmodzimmodzi. Koma pa kabati ndinaona mapiritsi awo a BP ali osatsegula, pambali pake kabotolo ka mafuta ndi botolo la madzi lomata chithunzi cha munthu wovala suti yoyera. Nditafunsa anandiuza mosabisa kuti kumapemphero kumene akupita masiku ano anawauza kuti achira, ndipo kupitiriza mapiritsi n'kukayikira Mulungu. Atha masabata angapo osamwa. Akuti mutu umawawa madzulo, koma akuti ndi satana akuyesa.

Mukudziwa kuti mayi aja anagwira ntchito ya uphunzitsi moyo wawo wonse, ndi amene anatiphunzitsa tonsefe kuwerenga. Si mbuli. Chiwasiyireni bambo, nyumba ija yakula, inu muli kutali, achemwali anu ali ku Mzuzu. Anthu a kumapempherowo amabwera Lachitatu lililonse, amawasesera pabwalo, amawatchula kuti amayi athu, amakhala nawo mpaka madzulo. Kuchipatala amaima pamzere kuyambira m'mamawa kuti aonane ndi munthu wotopa kwa mphindi zochepa. Mukaika ziwirizi pa sikelo mudzaona chifukwa chake mawu a uko akulemera.

Ndikukupemphani, achimwene, musawaimbire ndi ukali umene munali nawo m'mawu aja. Mukangoti "Mayi, mwapusitsidwa," adzatseka makutu, ndipo adzauza a kumapempherowo, amene adzati mwaona, tinanena kuti mdani adzadzera mwa ana anu. Musanyoze pemphero lawo. Ine ndinawakumbutsa kuti Luka, wolemba Uthenga Wabwino, Paulo anamutcha sing'anga wokondedwa, ndipo ndinaona kuti anakhala chete akuganiza. BP nthawi zambiri siipweteka mpaka tsiku limene yagwetsa munthu ndi sitiroko, choncho nthawi yodikira kuti adzazindikira okha tilibe. Anavomera kuti Lachisanu ndipite nawo akayezetse, pokhapokha ine ndikhale nawo pamzere, ndipo ndapempha kale chilolezo kwa ahedi. Ngati mungathe, tumizani kandalama tiwagulire kamakina koyezera BP kunyumba, kuti manambalawo azidzionera okha m'mawa uliwonse. Koposa zonse muziwaimbira Lachitatu, nthawi ya masana, ngakhale mulibe nkhani. Achemwali anu ndawauza kale, akuti abwera kumapeto kwa mwezi adzakhale nawo sabata imodzi.

Ndidzakuuzani Lachisanu madzulo mmene tayendera. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, akunyumba kuno nawonso akupereka moni.

Ine mnzanu wa ku Chilomoni